Mphini za Amayi pa Bondo Langa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Ambuye. Mundikhululukire, sindinazolowere kuyankhula pagulu, koma ndikufuna kuchitira umboni.

Bondo langali linayamba kutupa ndili ku shikola. Anati ndi nyamakazi. Mapiritsi ndinamwa, madzi a m'bondomo anakapopa kuchipatala cha ku Tete, koma linkatupanso. Ndinasiya shikola, ndinasiya khasu. Mnyamata wathunthu kupita kuchimbudzi chokwawa! Abale, ndinalira. Ndinalira mpaka ndinauza Mulungu kuti angonditenga.

Azakhali anga, amene anatsalira ku Zambia nthawi ya nkhondo, anandipezera malo pachipatala chachikulu kumeneko. Anati kuli jakisoni wobaya m'bondo mwenimwenimo, wa mankhwala otulutsa cheza chosaoneka chimene chimapsereza mnofu wotupawo. Mankhwalawo amaitanitsa kunja, ndipo sasungika. Akafika, mphamvu yake imatha m'masiku ochepa. Anatiuza tsiku loti tifike.

Tisananyamuke, amayi ananditema mphini pabondo n'kupakamo mankhwala akuda. "Ulendo ngwautali, mwanangu, bondoli lisakusautse tikakwera kamiyau, chilole chija." Chinali chikondi, abale, chikondi chokha.

Pofika uko, mphinizo zinali zitachita mafinya. Adotolo atangoona anavula magolovesi.

"Wachita izi ndani? Ndikabaya apa, tizilombo tilowa m'kati, mwendo tidzadula."

Amayi anagwada. "Ndine, adotolo. Bayani mbali inayo, chonde!"

"Mayi, sizingatheke."

Mankhwala anga anathera mphamvu m'botolo ine ndikukwawabe. Mukundimva, abale? Kufika pakhomo penipeni n'kubwezedwa!

Tinakhala kwa azakhali tikutsuka mabala, osadziwa ngati adzatiitananso. Amayi anasiya kudya. Ankangoti, "Ndapha mwendo wa mwana wanga." Ine mawu opempherera anandithera. Ndinkangoti, Ambuye, kamodzi kokha. Kamodzi kokha, Ambuye.

Mabala atapola, foni ya azakhali inalira. Mankhwala ena anali atafika. Anandibaya, n'kumanga mwendo kuti usapindike. Poyamba sindinaone kusintha, ndipo mantha anandigwiranso. Kenako bondo linayamba kuphwa pang'onopang'ono.

Sindikunamizani, adotolo ati nthendayi ikhoza kubwerera, ndipo mapiritsi ndikumwabe. Koma lero ndabwera kutchalitchi kuno wapansi, popanda ndodo, popanda wondikweza panjinga.

Zikomo Ambuye. Zikomo inu amene munkatipempherera. Amayi, chotsani chitenje kumaso, imirirani, bwerani mudzaime pafupi ndi ine. Azimayi, tithandizeni ndi nthungululu, ife awiri mawu atithera!