Dothi la m'Sefa Si Manyowa

Olemekezeka a Khansala, Bambo Mfumu a parishi yathu, a Gulupu, alangizi a zaumoyo, amayi a komiti ya chitsime pamodzi ndi wapampando wanu Mai Anjelina, amayi ndi abambo nonse.

Munandiitana kuti tidzasangalale, koma mundikhululukire, ine ndabwera wokwiya, ndipo sindibisa.

Ndagwira unamwino zaka makumi atatu. Chaka chatha anandibweretsera Pilira, mwana wa zaka zinayi wa m'mudzi muno, m'mimba mukumupota, wofooka, atasiya ndi kuyankhula komwe. Ena ankati walodzedwa. Titayeza magazi tinapeza mtovu, wochokera m'mabatire akale amene anthu ankaswa kumtunda kwa chitsime chathuchi.

Amayi a komitiwa sanakhale pansi kudikira makina a kunja. Anakumba dothi lakuda lopepuka lija la kudambo, anawotcha zitsononkho kukhala makala, anasenza mchenga pamutu, nayala zonsezo m'thankimu, ndipo alangizi atayeza madzi anapeza kuti mtovu ukutsalira m'dothimo. Amayi, ndikuthokozani, m'manjamo ndi mwanu.

Tsono imvani chandiwawa. Dothi limene linasefa madzi miyezi itatu yoyeserera linachotsedwa n'kuunjikidwa kuseri kwa thankimu, kudikira dzenje la simenti loti likwiriridwemo. Dzulo Mai Anjelina anandiuza kuti mulu wonse watha psiti. Anthu atuta ndi mawilibala, ati ndi manyowa abwino, akathira m'madimba! Anthu inu, poizoni amene tamuchotsa m'kapu ya mwana, mukumubwezera m'mbale yake kudzera m'kabichi ndi mpiru? Ndiye mukagulitse pa msika wa Mayani, mudyetsenso ana a eni?

Musayang'anane, ndikudziwa. Woyamba kututa ndi achimwene anga enieni, a Gerevazio, ali apowo azolika. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Achemwali, dothi lachonde chonchi likwiriridwe, feteleza atadula chonchi?" Ndawamva, feteleza wadula, inenso ndimalima. Koma Pilira mpaka lero satha kuitana mayi ake.

Mawa m'mawa ndikazula kabichi wa achimwene angawo ndi manja angawa, mutu uliwonse, ndipo dothilo tikalikokolola n'kulibweza kuno. Akandida andide. Enanu munatuta, musadikire kuti ndikupezeni m'dimba.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti sefa ya madzi ya mudzi uno yatsegulidwa. Tungani, mumwetse ana.

Zikomo kwambiri.