Ndinkayasama, Makina Nkumaimba

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale pa inu nonse. Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndakulonjerani. Ndikuona ena kumbuyoko akukodolana. Inde, ndine. Simunalakwitse. Ndine yemwe uja munkamutcha Kambalame ka ku Domwe. Dzina limene anandipatsa amayi anga ndi Tomasi.

Ndikuuzirenitu. Umboni wangawu ndi woyamika, koma muli mkwiyo. Ndinapempha Mulungu kuti andichotsere mkwiyowo. Wina anachotsa, wina anausiya. Ndiye mundipirire.

Ndinayamba kuimba ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo anga anamwalira ndikuyamwa, sindinawadziwe. Amayi ankalima kachewere ndi nyemba, nkumatilera okha. Kutchalitchi ankandiimika pa benchi kuti anthu andione, chifukwa ndinali wamfupi. Mawu anga anali aang'ono, akuthwa, okwera m'mwamba. Ndikayamba, azimayi ankalira. Ena ankandikoleka mipango m'khosi. Ine ndinkangokondwa. Mwana akamaimba sadziwa kuti wina akumuyeza ngati mbuzi ya pamsika.

Amene ankandiyeza anali malume anga, a Zakariya, mlongo wawo wa amayi. Iwo ankakhala ku Ulongwe, ntchito yawo inali yobwereketsa zokuzira mawu pa maukwati. Tsiku lina anafika kwathu pa njinga yamoto.

Anati, "Mlongo, mwana uyu ndi mphatso. Ukamusunga kuno adzakalamba ndi khasu m'manja. Ndipatse ine."

Amayi anati, "Achimwene, koma aziphunzira. Ali kalasi yachitatu."

Malume anaseka. "Ku Ulongwe kuli shikola zenizeni. Adzaphunzira mpaka atope."

Abale, shikola ya ku Ulongwe ndinkaionera pa zenera la shapa, minibasi zathu zija, tikudutsa. Sindinapondemo. Ngakhale tsiku limodzi! Anandisokera suti yoyera, nsapato zoyera, nkuyamba kuyenda nane. Ukwati, Kambalame. Kutsegula sitolo, Kambalame. Fesita, phwando la akuluakulu ku Tete, Kambalame. Mwezi wa Juni, chisanu chathu chija mukuchidziwa, ine kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi mawaya, nditakumbatira suti kuti isade.

Ndipo anthu ankaomba m'manja. Akhristu ankaomba m'manja! Ndikufunsani, pa anthu onse aja, analipo mmodzi amene anawerama nkufunsa kuti, "Mwanawe, lero Lachitatu, bwanji suli m'kalasi?" Panalibe. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Ankangoti, "Bwereza! Bwereza!"

Nditafika zaka khumi ndi zinayi, m'mawa wina tikuyeserera nyimbo, mawu anga anathyoka. Ndinakweza, iwo nkugwa pansi ngati a tonde. Malume anazimitsa limba.

"Wadya chiyani?"

"Palibe, malume."

"Imbanso."

Ndinaimbanso. Chimodzimodzi.

Abambo muli muno, aliyense wa inu zinamuchitikira. Mnyamata akamakula mawu amasintha. Mulungu ndi amene anakonza chomwecho. Malume ankadziwa, si mwana. Koma anandiyang'ana m'maso nkunena kuti, "Mphwanga, awa ndi matenda. Akulodza anthu ansanje a kwanu." Ine ndinakhulupirira. Ndikanafunsa ndani? Ndinalibe mnzanga, ndinalibe mphunzitsi. Anandimwetsa mazira aawisi. Anandimwetsa uchi ndi tsabola. Kenaka anapita nane kwa sing'anga, nkunditema mphini pakhosi. Onani apa. Amene muli kutsogolo onani! Zipsera izi si za ngozi. Anatema mwana chifukwa chakuti akukula.

Mphini zitalephera anapeza njira ina. Nyimbo zanga zakale anali atazijambula. Anati, "Iwe uzingoyasama. Makina aziimba." Kenaka anapita nane ku Tete, m'kachipinda kena kotentha muli kompyuta. Ndinkaimba ndi mawu anga aakuluwa, munthu wa pa kompyuta nkuwafinya, kuwafinya, mpaka atuluke aang'ono ngati a mwana uja. Nyimbo za Mulungu anazisiya. Anati sizivinika. Anandilembera za chikondi, za m'mabala, zogwedeza chiuno. Ndipo zinatchuka. Zinatchuka zedi! M'mashapa ndine, m'misika ndine, m'matelefoni a atsikana ndine, mpaka kutsidya ku Dedza.

Koma panali lamulo limodzi. Ndisayankhule pa anthu. Munthu akandipatsa moni, ankayankha ndi malume: "Akusunga mawu." Ndevu zikamera, kumeta tsiku lomwelo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala ndikunong'ona, abale. Zaka zisanu ndi chimodzi! Amayi akabwera kudzandiona, malume ankakhala pakati pathu. Tsiku lina amayi anandigwira dzanja nkuti, "Mwanawe, ndinakulakwira chiyani kuti sundiyankhula?" Ine ndinangoloza pakhosi. Anabwerera ku Domwe akulira. Chimenechi ndi chimene chimandiwawa kuposa mphini.

Ndiye linafika Loweruka lija. Ena a inu munalipo, musabise nkhope. Pa bwalo la mpira ku Ulongwe, dzuwa lili pamutu, anthu osawerengeka. Ndili pakati pa nyimbo, ndikuvina, jeradoro yopereka magetsi inangoti phwii, kuzima. Zii! Nyimbo yatha. Koma pakamwa panga panali pakuyendabe, kuyasama, kutseka, popanda kanthu kotuluka. Anthu anaona.

Wina anakuwa, "Imba chomwecho!" Ena nkumutsatira, "Imba! Imba!"

Ndinayang'ana malume. Anali atazolika kumbuyo kwa makina. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinaona amayi anga ndi mpango wawo wa kutchalitchi, atakwera shapa m'mamawa kudzaona mwana wawo. Ndinati mumtima, zikhale momwe zikhalire. Ndinatsegula pakamwa nkuimba ndi mawu angawa.

Sindinamalize ndi mzere umodzi. Phokoso linandimiza. Kuseka! Mluzu! "Ameneyo si Kambalame, ndi chule!" Zitsononkho zinayamba kugwa. Kachewere wowola anandiphulikira pa suti. Anthu omwewo amene ankandinyamula pa mapewa.

Kenaka jeradoro inalira. Malume anatola chokuzira mawu. Mverani zimene ananena, chifukwa ine sindidzaziiwala. Anati, "Abale anga, nanenso ndapusitsidwa. Mwana uyu ndamulera ndi manja angawa. Sindimadziwa kuti amachita zachinyengo."

Sadziwa! Amene anandigwira mutu sing'anga akutema, sadziwa! Amene ankadina batani ndi chala chake, sadziwa! Ndipo anthu anawamvera chisoni. Anawamvera chisoni iwo, ine nkundithamangitsa ndi miyala mpaka kuseri kwa msika.

Kwathu sindinapite. Ndinathawira ku Kalomwe, pa malire. Ndinabwereka njinga nkuyamba kunyamula matumba a kachewere ndi chimanga. Munthu wa zaka makumi awiri, wosadziwa kulemba dzina lake bwinobwino, wosadziwa kugwira khasu, akanatani? Ndikukankha njinga, thukuta lili chuchuchu, magalimoto akuluakulu ataima pa mzere ankaliza nyimbo zanga. Malume anapitiriza kuzigulitsa. Anzanga onyamula katundu ankati, "Kambalame, lira timve!" Ndinayamba kachasu. M'mawa kachasu, masana kachasu.

Ndipo mukudziwa zimene okhulupirira ankanena? Zinkandipeza konko. Ankati, "Mulungu wamulanga. Anasiya nyimbo za Ambuye nkukaimba za dziko." Abale! Alongo! Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi amene anadzikweza pa njinga yamoto? Ndi amene anasankha nyimbo? Munamupereka ndi nthungululu, lero mukuti Mulungu wamulanga? Musamaike Mulungu pa mlandu umene mwapalamula anthu.

Zaka ziwiri ndinakhala chomwecho. Panafika poti ndikaona galimoto yodzaza ikutsetsereka, ndinkaganiza zongogona pa msewu. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu. Ndinkasankha ndi malo omwe.

Tsiku lina masana ndili gone pambali pa matumba, ndaledzera, ndinamva munthu akundigwedeza phazi. Nditsegule maso, amayi. Anali atafunsa msika ndi msika mpaka kundipeza. Anali ataonda.

Anati, "Tomasi, dzuka. Ndine ndinakupereka kwa munthu uja. Ngati pali wochita manyazi ndine. Tiye kwathu, kachewere wakhwima, wokumba palibe."

Ndinafuna kunong'ona monga ndinazolowera. Koma mowa unandiiwalitsa. Ndinayankha ndi mawu onse: "Amayi, ndisiyeni. Ine ndinatha kale."

Amayi anangoti khwaa, kukhala pa thumba. Anagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Anati, "Bwereza."

"Ndibwereze chiyani, amayi?"

Analira mokweza, pamsika, anthu akuona. "Mawu a bambo ako! Awa ndi mawu a bambo ako enieni! Pa bwalo paja sindinamve, phokoso linachuluka. Zaka zonsezi amandibisira mawu a mwamuna wanga!"

Aleluya! Abale, chimene anandiuza kuti ndi matenda, chimene anachitema ndi lumo, chimene anthu anachitcha chule, chinali chinthu chokhacho chimene bambo anga anandisiyira. Ine osadziwa. Pamenepo ndinalira ngati mwana. Ndinabweza njinga kwa mwini wake, nkukwera shapa ndi amayi.

Sindikunamizani kuti zinatheka tsiku limodzi. Kachasu ndinalimbana naye miyezi. Ndinkagwa, amayi nkugwada pambali panga kupemphera, ndinkadzuka. Kuimba ndinakana. Ndinati pakamwa panga sipadzatulukanso nyimbo. Koma pamudzi pathu panagwa maliro a agogo ena oyandikana nafe. Mvula inagwa, amuna oimba anachepa. Ine ndinali pa gulu lonyamula bokosi. Azimayi anayambitsa nyimbo, pansi pake panalibe wogwira. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji. Ndinangozindikira ndikuimba. Palibe anaseka. Titachoka kumanda, mayi Nambewe, amene amatsogolera kwaya kwathu, anandiimitsa panjira. Anati, "A Tomasi, Lachisanu timaphunzira nyimbo. Musatichedwetse." Basi. Sananene zambiri. Lachisanu ndinapita, ndipo Lamulungu lotsatira ndinagwada kutsogolo nkupereka moyo wanga kwa Yesu, nthawi ino ndi nzeru zanga, wopanda wondiimika pa benchi.

Tsono chaka chathachi ndinamva kuti malume afika m'mudzi woyandikana ndi wathu. Kuli kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, kamaimba bwino. Makolo ake anali atamanga kale kachikwama. Ndinasiya khasu m'munda nkuthamanga. Ndinawapeza atakhala pakhonde, malume akufotokoza za shikola zenizeni za ku Ulongwe. Mawu omwe aja, sanasinthe ndi limodzi lomwe!

Atandiona anati, "Mphwanga, wabwera kudzaononga? Nsanje idzakupha."

Ine ndinagwada pamaso pa bambo a mwanayo, nkutsegula kolala. Ndinati, "Bambo, gwirani apa. Gwirani ndi chala chanu." Anagwira. Ndinati, "Ndipatseni pepala lililonse muone mmene ndimawerengera." Anandipatsa kabuku ka mwana wawo yemweyo, ka kalasi yachitatu. Ndinagwiragwira mawu ngati wakhungu. Mwanayo ndi amene ankandikonza.

Mayi ake anadzuka nkutenga kachikwama kaja kubwerera nako m'nyumba. Bamboyo anati, "A Zakariya, dzuwa likupita. Muyende bwino." Malume analiza njinga yawo akutukwana.

Abusa amandiuza kuti ndiwakhululukire. Ndikuyesa, ndipo mundipempherere. Sindiwafunira choipa. Akadwala ndidzapita kukawaona. Koma kukhululuka si kutseka pakamwa. Akadzafika pakhomo lina, ndidzafikanso. Ndipo inu makolo, munthu akabwera nkuti mwana wanu ndi mphatso, mufunseni kuti mwanayo azigona kuti, aziphunzira kuti, ndipo akadzakula adzamutani. Mufunseni! Akakwiya, mwadziwa.

Lero ndikuyamika Mulungu. Ndikuyamika amayi anga, ali apo, akubisa nkhope mu mpango. Ndikuyamika mayi Nambewe. Ndimalima kachewere ndi nyemba ku Domwe, munda wa bambo anga. Mowa ndinasiya, chino ndi chaka chachinayi. Masana a Lachiwiri ndi Lachinayi ndimakhala pa kalasi ya akuluakulu, ndipo Salimo loyamba ndimaliwerenga ndekha tsopano, pang'onopang'ono. Ndinajambula nyimbo zinayi ndi mawu angawa. Sizinatchuke ngati zija. M'mashapa simuzimva. Koma akandiitana pa ukwati, chimene mukumva ndi chimene chikutuluka mwa ine.

Ndinakwatira. Mkazi wanga ndi Rozalina, uyo wanyamula mwanayo. Mwana wathu ali ndi zaka zitatu, ndipo wayamba kale kuimba. Anthu akumanena kuti, "Watengera bambo ake, bwerani naye kutsogolo anthu amumve." Ayi. Ayi, abale, pepani. M'mawa uliwonse amakhala pa mtondo nkumaimbira nkhuku za amake, ndipo nkhukuzo zimukwanira. Akadzakula adzasankha yekha.

Ambuye alemekezeke. Amen.