Phala Limene Ndinaphikira Asiyatu

Zaka za m'mbuyomo, tisanamve n'komwe kuti kunja kuno kuli mzinda wotchedwa Doha, kwathu ku Machinga mayi woyembekezera sankawerenga masabata pa foni monga muchitira inu, koma ankangoyang'ana mwezi, ndipo matenda akayamba ankatuma munthu kukaitana mayi anga, amene anali mzamba wa mudzi wonse. Ine ndinakulira pambali pawo, ndikuwanyamulira nsanza ndi madzi otentha, ndipo ndinaona ana ambiri akubadwira pamphasa. Tsono iwe Mariamu, popeza wandinong'oneza kukhitchini kuja kuti kodi ndilibe kamtengo kofulumizitsa matenda, ndati ndikuyankhire pano pa anzako, chifukwa Lachisanu lokha ndi limene nonse mumakhala pa ofu, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chidzaona Hawa apoyo. Usagwetse nkhope, mwanawe. Uli ndi chipsera cha opaleshoni pamimba, ukufuna kuchira wekha ulendo uno, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Kamtengo ukufunako timakatchula kuti mwanamphepo. Kale matenda akachedwa, azamba ankasinja mizu yake n'kuthira m'phala, ndipo mimba inkagwira ntchito mwamphamvu, mwana n'kutuluka dzuwa lisanapendeke. Ife tinkaombera m'manja. Koma kumbukirani kuti nthawi imeneyo amayi a zipsera tinalibe, pakuti amene ankafunika mpeni ambiri sankafika n'komwe kumene kunali mpeniwo. Tinkangowalira, n'kunena kuti Mulungu watenga.

Nonse mukumudziwa Asiyatu, mwana wanga, mwini nyumba ino ya ku Al Thumama, amene lero ali pa shifiti kuhotela. Mwana wake woyamba anabadwira kwathu, ndipo chifukwa anagona chopingasa, madokotala a kuboma anamuchita opaleshoni. Chilonda chinapola bwino, koma pakamwa pa anthu ndi pamene panamusautsa. Akapita kumjigo amayi ankaseka kuti, "Tapatukani, adutse a Abiti Zipi. Anzathu satuluka thukuta, amangowatsegula ngati chikwama." Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankatula ndowa n'kulowa kuchipinda.

Atatsatira mwamuna wake Che Yusufu kuno, n'kuimanso, anandiimbira foni kuti ndibwere kudzamudikirira, ndipo anandilamula kuti ndisaiwale kabuku kake kakale ka kusikelo. Ndinakapeza pansi pa sutikesi, mphemvu zitadya m'mphepete. Tsiku lonyamuka mkulu wanga anandiperekeza kudepoti, n'kundifumbatitsa kaufa kabulauni komanga m'pepala la shuga. "Kumeneko n'kwa eni," anatero, "adzangothamangira mpeni. Iwe ndiwe mwana wa mzamba, usakachititse manyazi amayi." Ndinakakwirira pakati pa ufa wa phala.

Kusikelo ya kuno tinapeza mzamba wina wa ku India, wamfupi, wa magalasi, amene tinkangomutchula kuti Sisitala. Ine Chingelezi sindimva, nonse mukudziwa, choncho Asiyatu ndiye ankandimasulira. Sisitala anatsegula kabuku kodyedwa kaja mwaulemu ngati kalata ya ukwati, ndipo ataona chifukwa chimene anachitira opaleshoni yoyamba, ndi mmene anachekera, ndi zaka zimene zinapitapo, anakaonetsa adokotala, n'kubwerera akumwetulira. Anati mwana wa ulendo uno wagona bwino, mutu pansi, ndipo Asiyatu akhoza kuyesa kuchira yekha, koma pa malamulo awo: matenda akangoyamba abwere osadikira kunyumba, akachirire pafupi ndi fiyeta, chipinda cha opaleshoni chija, ndipo asamwe chilichonse chimene iwo sanamupatse. Lamulo lomalizali Asiyatu anandimasulira bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamve.

Tsiku limene anamuwerengera linafika n'kudutsa, sabata inanso n'kutha, mimba ili zii. Adokotala anati chiberekero cha chipsera sachikakamiza mwachisawawa, ndipo ngati matenda sayamba okha pofika Lolemba, adzachita opaleshoni. Loweruka lonse mwana wanga anakhala pampando uwo mwakhalapo a Hawa, akusisita mimba n'kumalankhula nayo kuti, "Tuluka, bwanawe, usandichititse manyazi kawiri." Ana inu, mudzamvetsa mukadzakula: misozi ya mwana wako imakuchotsa nzeru. Lamulungu m'mawa nditaswali, ndinaphika phala, n'kuthiramo kaufa kaja ndi shuga wambiri, ndipo iye anamwa lonse n'kundiyamikira kuti, "Amayi, lero mwaphika ngati kwathu."

Isanakwane nthawi ya swala ya masana matenda anayamba, ndipo mtima wanga unavina. Koma tili m'galimoto ya Che Yusufu ndinaona chimene sindinachikonde: ululu unkabwera wina pamwamba pa unzake, osamupatsa mpata wopuma, pamene matenda abwino amabwera ngati mlendo waulemu, amagogoda n'kudikira.

Kuchipatala Che Yusufu anatsala panja, ine ndinalowa. Sisitala anamumanga Asiyatu malamba awiri pamimba, lina lomvera mtima wa mwana, lina lowerenga kukoka kwa chiberekero, ndipo makina anayamba kulira gugugu, gugugu, ngati mtondo wa anthu awiri. Mayi anga ankamvera ndi khutu pamimba kamodzi pa nthawi, koma apa mtima wa mwana unkamveka m'chipinda chonse osalekeza. Sisitala anamubaya Asiyatu kasingano padzanja kuti akafuna kumupatsa madzi kapena magazi asachedwe kufufuza mtsempha. Anamuyeza njira, anamugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima wake, anayang'ana ngati akutaya magazi, ndipo ululu uliwonse ukadutsa ankaika dzanja pa chipsera n'kufunsa ngati pakupweteka. Sanachoke m'chipindamo ngakhale kukamwa madzi.

Kenaka mtondo uja unayamba kufooka. Gu... gu... gu. Sisitala anamugoneka Asiyatu chakumanzere, anadina belu, ndipo anayang'ana pepala lotuluka m'makinamo, n'kuyang'ana ine. Analankhula mawu ochepa, mofatsa.

"Akufunsa ngati ndamwa mankhwala ena alionse," anatero Asiyatu akuluma mano. "Ndawauza kuti ayi, phala lokha."

Sisitala analankhulanso, maso ake ali pa ine.

"Akuti ndikufunseni inuyo, amayi. Akuti kwawonso kuli azimayi achikulire okonda ana awo."

Ana anga, m'chipinda chimenecho munalibe wina womva Chichewa kupatula awirife. Ndikanakana, palibe akanadziwa kufikira lero. Ndipo kuti ndivomere, mawu anga anayenera kudutsa m'kamwa mwa mwana amene ndinamunyenga. Ndinamvera makina aja, gu... gu..., ndipo ndinati, "Uwauze kuti m'phala muja ndinathiramo mwanamphepo. Supuni imodzi. M'mawa, dzuwa litangotuluka."

Asiyatu anandiyang'ana. Sanatukwane, sanalire. Anangoti, "Amayi, inu?" Kenaka anatembenuka n'kumasulira zonse, liwu ndi liwu, mpaka supuni.

Sisitala sanandikalipire, pakuti analibe nthawi. Adokotala analowa akuthamanga, anamva nkhaniyo, n'kumubaya jakisoni wofewetsa chiberekero, ndipo mtondo uja unabwerera pang'ono, ine n'kuyamba kupuma. Koma posakhalitsa Asiyatu anagwira pa chipsera n'kunena kuti pakumuotcha ngati moto, ngakhale pamene mimba yaleka kukoka. Sisitala atangomva zimenezo nkhope yake inasintha. "Yala, yala!" anakuwa wina m'Chiarabu, kutanthauza kuti tiyeni msanga, ndipo bedi linatuluka ndi mwana wanga, ine n'kutsala ndi patapata wake m'manja.

Mdzukulu wanga Zainabu, amene mukumumva akusewera kuchipindako, anatuluka ali moyo, alihamudulila. Adokotala anauza Che Yusufu kuti chipsera cha m'kati chinali chitayamba kumasuka ngati msoko wa chitenje chakale, ndipo akanachedwa pang'ono tikananyamula maliro awiri. Anatinso palibe angalumbire kuti ndi phala langa, popeza chipsera nthawi zina chimamasuka chokha, n'chifukwa chake amachilondera chotero. Anali munthu wachifundo. Koma ine ndine mwana wa mzamba, ndipo ndinaona mmene matenda aja anabwerera. Tsiku lomwelo, pabedi loyandikana ndi la Asiyatu m'wodi, panagona mayi wina wa ku Kenya, wa chipsera ngati cha Asiyatu, amene anachira yekha bwinobwino m'manja mwa Sisitala yemweyo, atadikira maola ake osamwa kanthu. Ndinkalephera kumuyang'ana.

Madzulo ake Sisitala anandipeza pakhonde la wodi, anandigwira paphewa, n'kulankhula kudzera mwa Che Yusufu. Anati yankho langa linawathandiza kudziwa chimene akulimbana nacho, ndipo anathokoza. Inu, kuthokozedwa kumeneko kunandipweteka kuposa mbama.

Asiyatu anakhala masiku atatu osandilankhula. Anali atauzidwa kuti mimba ina iliyonse idzakhala ya opaleshoni, ndiye kuti chimene ankachilirira chija ndinamulanda ndine, pofuna kumupatsa. Ndinapepesa, koma pepani sapoletsa chilonda. Ndinkachapa matewera, kusambitsa mwana, iye maso kukhoma. Tsiku lachinayi, titabwerera m'nyumba muno, ndinamva akuitana ndi mawu otsika.

"Amayi."

"Ine pano."

"Njala. Ndiphikireni phala." Kenaka anawonjezera kuti, "La ufa ndi madzi basi. Ndipo muphikire pano ndikuona."

Tinaseka mpaka iye anagwira pa chilonda n'kundipempha kuti ndisiye, ndipo kaufa kotsala kaja ndinakathira m'zinyalala iye akuyang'ana.

Tsono Mariamu, yankho lako ndi limenelo: ndilibe, ndipo ngakhale ndikanakhala nako sindikanakupatsa. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma ena mwa mawu athu anakomera matupi a kale, opanda msoko. Ngati azamba ako akuti ukhoza kuyesa, yesa ndi mtima wonse, pakuti ambiri amachira okha. Upite msanga, uwalole akumange malamba awo, ndipo pa chipsera pakangopweteka mwachilendo unene nthawi yomweyo, osalimba mtima. Akakuuza kuti njira yasintha, usaone ngati wagonja, chifukwa amayi a kumjigo sadzakulerera mwana, ndiponso sadzamulera iweyo ukatisiya. Uimbire mayi ako akutumizire kabuku kako ka kusikelo sabata ino. Tsiku lako likafika undiitane, ndidzakuperekeza, ndipo pakhomo udzayambe wandisecha m'chikwama.