Tiyamike, Uwauze Asekulu za Oilo

Pakhomo pa a Jere ku Mphamba panali mwambo umene Enelesi, mkamwana wawo, ankauopa kuposa njoka: mkazi wa mwana salankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso, ndiye mawu onse ankadzera mwa Tiyamike, khanda limene linali lisanadziwe ngakhale kunena kuti "mama". Masana amenewo khandalo linali kumsana likutsokomola, anesi atalamula kuti libwerenso kuchipatala m'mawa mwake, ndipo m'matope a dzinja chimene chikanawoloka dambo chinali chimodzi chokha: kwadi, njinga yamoto ya mateyala anayi, imene Amon, mwamuna wa Enelesi, anaisiya atakhetsa oilo wakale, iye n'kuitanidwa mwadzidzidzi kuntchito ku Chipata.

Enelesi anagwada chapatali atafumbata botolo lagolide limene anakagula ku boma. A Jere, asekulu kapena kuti agogo aamuna a khandalo, amene ndiwo ankayenera kuyendetsa kwadiyo, anatulukira kuseri kwa nkhokwe atanyamula chigubu chakuda bii.

"Tiyamike," anatero akuyang'ana kamutu ka mwana, "uwafunse amayi ako kuti chimene akumbatila ngati mng'ono wakocho n'chiyani."

"Tiyamike, uwauze asekulu kuti ndi oilo wa kwadi. Wa sinthetiki. Atate ako ndiwo anati tigule ameneyu."

"Yayi! Uwauze kuti oilo wa kwadi ndi uyu."

Anakhutchumula chigubu chija. M'kati munamveka thapwa thapwa, ngati phala logona. Enelesi anasolola khosi n'kusuzumira.

"Tiya, uwafunse asekulu ngati umenewo ndi oilo kapena phula la mumsewu. Tikufunsa mwaulemu."

"Uwauze kuti kuda ndiye mphamvu yake. Oilo uyu ndi wodziwa nchito. Anayambila m'chigayo changa chija. Za m'botolozo sizinaoneko injini chibadwile."

"Uwafunse kuti chigayocho ndi chiti."

"Akuchidziwa."

"Uwafunse ngati ndi chimene chili pansi pa mangocho, chimene nkhuku ikufungatiramo mazira."

Nkhuku ija inatulutsa mutu m'chigayo ngati yamva dzina lake. A Jere anaiponyera chitsononkho.

"Uwauze amayi ako kuti chigayo chija sichinafe ndi oilo. Chinafa ndi nsanje za anthu a pamudzi pano."

"Kodi! Tiya, uwafunse kuti atachoka m'chigayo, oiloyu anakagwira ntchito kuti."

"Mu pampu ya kudimba."

"Imene mbuzi timaimangirirapo ija?"

"Nsanje!"

"Nanga jenereta imene amakhalira alendo mipando ikachepa?"

"Nsanje zokhazokha! Anthu a kuno safuna munthu atukuke."

Enelesi anagwira pakamwa. Nkhani za nsanje iye sankaziseweretsa. Anayang'ana kumpanda, anayang'ana kunjira, kenaka anatsitsa mawu.

"Tiyamike, uwauze asekulu kuti ndiye kuti ansanjewo amaununkhiza oiloyu. Paliponse pamene walowa, iwo amafikapo. Tisauthire mu kwadi, angatilondole mpaka padambo."

"Sindinanene zimenezo!"

"Uwauze kuti tikuthokoza potichenjeza."

"Iwe mwana, uwauze amayi ako kuti asandiikile mawu m'kamwa! Ine oilo ndimamudziwa. Sindichita kuwelenga pabotolo ngati a sukulu. Ine ndikangolawa ndi lilime, ndimadziwa kuti uyu ndi weniweni, uyu ndi wabodza."

Enelesi anadzuka, nalowa m'khitchini chowerama, n'kubwerako ndi masipuni awiri pambale. Anayika mbaleyo pansi, naikankhira kutsogolo ndi nsonga za zala.

"Izi n'zachiyani?"

"Tiya, uwauze asekulu kuti yaikuluyo ndi ya wakudayo. Madzi otsukira m'kamwa tikubweretsa."

A Jere anayang'ana masipuni, anayang'ana chigubu. Pakamwa pa chigubupo panali patamatirira mphemvu yakufa.

"Uwauze kuti lelo lilime langa lili ndi chilonda."

"Mayo! Uwauze kuti mawa akaonetsenso kwa anesi. Koma tikafika."

"Tikafika ndithu!"

"Uwauze kuti bambo wa m'sitolo anati injini ya kwadi imatentha kwambiri ikamakwawa m'matope, ndipo oilo wotopa amangosanduka madzi. Uyu akuti sasintha, kutenthe kuzizire. Manambala ake akufanana ndi amene atate ako anandiuza. Pali ngakhale chithunzi cha kwadi pabotolopa, uwaonetse."

"Chithunzi! Pa thumba la mbewu pamakhalanso chithunzi cha chimanga chachikulu ngati mwendo. Munakololapo chotelo?"

Enelesi anaganiza kaye moona mtima.

"Uwauze kuti ayi."

"Ehe!"

"Koma uwauze kuti pachigubu chawo pali chithunzi cha chigaza ndi mafupa."

"Chinali cha mankhwala a fodya chimenechi! Ndinatsuka!"

Tiyamike anatsokomola, kachifuwa kakulira ngati kamluzu. Enelesi anamusisita ndi dzanja kumsana. Anaona dambo lija m'maganizo: madzi m'mawondo, kwadi itazima pakati, mvula ikubwera, mwana akubanika. Anakumbatira botolo lija zolimba.

A Jere nawo maso anali pa botolo lomwelo. Enelesi anaona kuti akulipenda kuyambira kumutu mpaka pansi, koma anangoti mwina ndi mkwiyo.

"Tiyamike, uwafunse amayi ako kuti sinthetiki wawoyo amachoka m'chitsime chiti."

"Uwauze kuti sachoka m'chitsime. Amachita kumupanga anthu ku fakitale."

"Basi! Agwidwa ndi pakamwa pawo! Oilo weniweni amachoka pansi, Mulungu anamuika yekha. Zopanga anthu ndi zabodza. Pakhomo pa Jele chopangidwa ku fakitale sichigona. Ndanena!"

"Chilichonse?"

"Chilichonse!"

Enelesi anapuma mozama. Lamulo ndi lamulo. Anadzukanso, nalowa m'nyumba yaikulu, n'kutuluka ndi lichero. Pa licheropo panali wailesi, magalasi owerengera, kabotolo ka mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndi kapu ya madzi mmene munali mano anayi oikirira amene a Jere ankavala Lamlungu lokha.

"Heee! Mano anga akupita kuti?"

"Tiya, uwafunse asekulu kuti titaye kudzala kapena tikwirire."

"Bwezani! Uwauze abweze!"

"Uwafunse ngati manowa anachoka pansi."

"Mano ndi nkhani ina!"

"Nanga feteleza ali m'chipinda uja? Uwauze kuti matumba ndi olemera, tidikira atate ako adzatithandize kutaya."

"Feteleza asamukhudze munthu! Iwe Tiyamike, amayi akowa anaphunzila sukulu ku Kasungu kapena anangokazungulila mpanda?"

"Uwauze kuti tinafika Fomu 4. Ndiye tikaphonya, atikonze. Zopanga anthu zimene zili zabodza ndi ziti, zimene zili zoona ndi ziti?"

"Zanga ndi zoona! Zabodza ndi botolo limenelo!"

"Uwauze kuti tamva."

"Ehe. Tsopano uwauze aliike pansi apa. Ndikalitaya ndekha."

A Jere anatambasula dzanja.

"Tiya, uwauze asekulu kuti munthu wamkulu sanyamula zinyalala mkamwana ali pomwepo. Anthu angatiseke. Anene kotaya, titaya ife."

"Yayi, n'zolemela."

"Uwauze kuti tachoka nalo ku boma pamutu."

"N'zoopsa kwa mayi woyamwitsa."

"Uwauze kuti tigwira ndi pepala."

"Uwauze kuti kotaya kwake n'kutali!"

"Uwafunse kuti n'kuti."

"Ndi... ndi kumene ndimatayila ine!"

"Uwafunse dzina la malowo. Tifunsira njira."

A Jere anavula chipewa n'kuchimenyetsa pa bondo.

"Kuchimbudzi! Akataye kuchimbudzi ngati akufuna! Ndatopa nawo amayi akowa!"

Enelesi anayang'ana botolo lija. Amon anati thira, apongozi akuti taya, ndipo Amon ali ku Chipata pamene apongozi ali pompano. Chikwatiwire sanawakanirepo chinthu akuluakuluwa. Misozi inalengeza. Anaweramitsa mutu, nati chapansipansi, "Tiya, uwauze asekulu kuti yewo, zikomo, tamva," n'kunyamuka ulendo wa kuseri kwa nthochi kumene kunali chimbudzi.

A Jere anaima kukamwa kuli yasa.

"Tiyamike! Uwafunse amayi ako akupita kuti!"

Koma Tiyamike anali atagona, kamutu katapendekeka, dovu likutsika pa nsalu. Enelesi anacheuka pang'ono, naona kuti wamthenga watseka ofesi, n'kupitiriza ulendo. Uthenga wosafika sungayankhidwe.

"Tiyamike! Iwe Tiyamike, uka!"

Enelesi anadutsa pakhonde pamene pankagona honda ya a Jere, njinga yamoto imene ankaifunditsa bulangete usiku ndi kuipukuta ndi mpango wa m'thumba. Chinthu chokhacho pakhomopo chimene ansanje anali asanachipeze.

"Tiyamike, mwana wa Amoni, ndikukupempha!"

Chitseko cha chimbudzi chinalira kwiii.

A Jere anayang'ana uku ndi uku kufuna wina wotuma. Panalibe munthu. Anatembenukira kwa nkhuku ya m'chigayo.

"Iwe, uwauze..."

Nkhuku inabweza mutu m'kati.

Chitsekero cha botolo chinalira thwa.

"ENELESI!"

Dzina lija linamveka mpaka kudimba. Mbuzi ya pa pampu inaleka kudya. Enelesi anauma, botolo litapendekeka pamwamba pa dzenje, kadontho koyamba kakulendewera pakamwa pake ngati uchi. Chibwerere pamudzipo anali asanamvepo dzina lake m'kamwa mwa apongozi. Sankadziwa n'komwe kuti amalidziwa.

A Jere anafika akupuma wefuwefu, nsapato imodzi itatsala m'matope.

"Mwazungulila mutu? Oilo wabwino chonchi mukuthila m'chimbudzi? Mukudziwa kuti honda yanga chigulile sinalaweko china koma ameneyu? Mwezi wonse ndakhala ndikusowa wothila!"

Mawu aja atatuluka, anagwira pakamwa, koma anali atatuluka kale.

Enelesi anayang'ana honda ija yonyezimira pakhonde. Anayang'ana chigayo, pampu, jenereta. Anakumbukira mabotolo agolide opanda kanthu amene anawaona atasomekedwa kudenga la nkhokwe, amene iye ankayesa kuti ndi oopsezera makoswe. Mantha aja anasanduka mkwiyo. Anagwedeza phewa mpaka mwana anatsegula diso limodzi.

"Tiyamike, wadzuka? Uwafunse asekulu kuti honda ili ndi chifuwa?"

A Jere anayang'ana pansi.

"Uwafunse kuti anesi anati honda ibwere mawa m'mawa?"

"Uwauze kuti... honda ndi yosakhwima m'mimba."

"Uwauze kuti iwenso ndiwe wosakhwima."

Ntchentche yokha ndiyo inkalankhula m'chimbudzimo.

"Tiya, uwauze asekulu kuti mkono wa amayi ako watopa. Anatilamula kuti titaye muno, ndiye ife tikudikira lamulo lina. Likachedwa, titsatira loyamba."

Botolo linapendekekanso pang'ono.

"Chilili! Aimike chilili! Mu kwadi! Uwauze akathile mu kwadi!"

"Yense?"

"Kangatsaleko pang'ono pokha..."

Botolo linapendekeka.

"Yense! Yense!"

Anabwerera pabwalo, Enelesi patsogolo ndi botolo, a Jere pambuyo akutsimphina ndi nsapato imodzi. Apongoziwo anagwira chothirira cha botolo lodula pakati, nkhope atayang'anitsa kumbali monga mwa mwambo, koma diso limodzi likuperekeza oilo uja ngati akuperekeza maliro a m'bale wawo. Enelesi anathira pang'onopang'ono mpaka pa mzere umene Amon anamuonetsa, ndipo kotsala m'botolo anakamangirira m'nsalu pamodzi ndi mwana, nati n'kowonjezera panjira.

A Jere anakwera, naliza. Kwadi inatsokomola kamodzi, kenaka n'kuyamba kulira mosalala ngati mphaka wokhuta. Anamvetsera, akugwedeza mutu ngati ndiwo aipanga. Kenaka anatsika, nanyamula chigubu chawo chakuda, n'kuima pafupi ndi kamutu ka mdzukulu wawo.

"Tiyamike, ukakula usadzatengele amayi ako kusamva. Ine kuyambila masana ndakhala ndikuwauza kuti wakudayu ndi wopaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, iwo kakaka kufuna kumuthila mu injini!"