Ndinamuona pakanema akuyenda

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Nsanama. Chaka chomwe chimanga chinapserera m'minda, mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu anatupa miyendo mpaka anasiya kuyenda, ndipo anatigoneka kuchipatala. Nthawiyo ankawonjezera wodi ya ana, komanso anali atangoika makamera m'makonde. Amayife tinkang'ung'udza kuti akutizonda ngati akuba.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kukachapa. Pobwerako ndinapeza pabedi palibe munthu. Ndinakuwa, thupi lonse litazizira. Ndinkadziwa kuti yekha sangatsike, ndiye ndinaganiza kuti wina wamuba.

Mlonda anandiitanira m'kachipinda kake. "Iyayi mayi, musalire. Taonani apa."

Pakanema panaoneka mwana wanga akutuluka pakhomo la wodi, atagwira khoma, akuponya phazi limodzilimodzi kulowera kumene ankamanga. Tinakamupeza atakhala panjerwa, akutafuna chinangwa cha amisiri.

"Tapezatu foromani watsopano," anatero mmisiri wina.

Ndinabwerera kwa mlonda kukapempha kuti andionetsenso kanemayo. Anaibwereza kanayi. Pofika kachisanu, anamwino ndi amayi anzanga anali atadzaza pakhomo, nthungululu zikumveka mpaka kumsewu.