Kalata ya Dokotala m'Baibulo la Achimwene

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1961, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine mlongo wawo, wachitatu kubadwa. Sukulu analekezera Sitandade 8, bambo athu atamwalira. Mu 1979 anayamba kuphunzira utelala pakhonde la sitolo, ndipo makina omwewo ndi amene anatilera tonse.

Mu 1986 anakwatira alamu athu ali apawa. Mu 1994 mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Nonse mukudziwa dzina limene munawapatsa: a Tipemphere Kaye. Nkhani iliyonse yaikulu ankailemba pakapepala, kukaika m'Baibulo, n'kupemphera masiku asanu ndi awiri asanayankhe. Alamu ankaseka kuti ngakhale njinga inagona kaye mu Masalimo isanagulidwe.

Njira imeneyi inathandiza ambiri. Mabanja amene anabwera atamangirana kale katundu anaziziritsa mitima m'masiku amenewo, ndipo ena mwa inu mwakhala pamodzi pano lero. Pakadwala munthu, malemu sankadikira. Ankamukweza panjinga, n'kumapemphera naye ali pamzere wa kuchipatala.

Pa 14 Malichi 2023 dokotala anawapeza ndi chotupa m'mimba. Anawapatsa kalata yoti akachitidwe opaleshoni kuchipatala chachikulu mwezi womwewo. Malemu anaipinda kalatayo n'kuiika m'Baibulo, osauza munthu. Masiku asanu ndi awiri anatha. Miyezi isanu ndi iwiri inatha. Ife tinkaona atelala akubweza okha mathalauzi awo m'chiuno, tikafunsa ankati n'kusala kudya. Mu Okutobala alamu akupukuta tebulo Baibulo linagwa, kalata ija n'kutuluka. Titafika ndi malemu kuchipatala, madokotala anati tachedwa.

Akuluakulu ena anandipempha kuti ndime yotsatirayi ndiidumphe. Pepani, sindiidumpha, chifukwa eni ake anandigwira dzanja n'kundilamula kuti ndidzaiwerenge. Anati yankho analimva tsiku loyamba lomwe, atangogwada: anyamuke apite. Anati Mulungu sanachedwe, koma iwo ankaopa mpeni. Anapitiriza kugwada m'mawa uliwonse, kufunsa funso loyankhidwa kale, poganiza kuti mwina yankho lisintha. Anati kwa zaka makumi atatu pemphero linali njira yawo yomvera, koma chaka chimenecho analisandutsa pobisalira.

Anandiuzanso kuti m'gulu lawo la mapemphero la Lachitatu muli anthu awiri amene anawaululira kuti nawonso asunga makalata otere, ndipo iwo anawalangiza kuti adikire. Maina sanandiuze, ndipo sindikuwafuna. Uthenga wanu ndi uwu: malangizo aja awabweza. Pempherani muli m'njira.

Malemu anatisiya pa 2 Febuluwale 2024, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 62. Asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi ife abale awo atatu amene tatsala.

A banja tikuthokoza anamwino amene anawasamalira popanda kuwakalipira, amayi a mpingo amene ankasinthana ndi alamu pambali pa bedi, abusa, ndi atelala anzawo amene amaliza kusoka zovala za anthu zimene zinatsala pamakina.

Achimwene, Baibulo lanu talikutumula. Mulibenso kapepala kodikira yankho. Mzimu wanu uuse mumtendere.