Ndinafufuta Gemu ya Amalume

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. A tcheya a achinyamata anandiuza kuti umboni wanga ndilembe papepala, akuti ndikamayankhula za m'mutu ndimawonjezera. Ndalemba. Inu a kumbuyoko musayambe kuseka, sindinanene kanthu.

Mukundidziwa. Ndine Yamikani wa Fomu 3, uja anaika nkhanu m'chikwama cha a kwaya masitala. Zimenezo sindinabwere kudzalapa, nkhanuyo inabwerera kunyanja ili bwinobwino. Vuto langa linali lina: sindinkatha kudikira. Pamzere wa pamjigo, ayi. Pemphero lalitali, ayi. Miyendo inkangoyabwa.

Kwathu timakhala ndi amalume, alongo awo a amayi. Amagula usipa wouma kunyanja kuno n'kukagulitsa ku Lilongwe. Kale anali ku Joni limodzi ndi bambo anga. Bambo anamwalira komweko ndili ndi zaka zitatu, nkhope yawo ndimaidziwira pachithunzi.

Chaka chatha amalume anabwera ndi kabokosi ka gemu kogula kwa munthu. M'menemo muli gemu ya ku Japan imene ankasewera ku Joni, koma aipanganso mwatsopano. Anthu amene kale ankaoneka ngati timabokosi, pano tsitsi lawo limauluka ndi mphepo. Umayenda ndi gulu la anthu anayi. Mukakumana ndi chilombo simumenyana mwachisawawa ayi, mumasinthana. Usankha chochita, umenya, kenako uima n'kudikira kuti chilombo chikumenye. Kudikira kumenyedwa, abale. Ine ndinkaona ngati misala.

Amalume ankasewera masana akakhala pakhomo, ola limodzi basi, kuti batire ya sola itsalire magetsi a usiku. Miyezi isanu. Anthu anayi aja anawapatsa maina okha. Wa lupanga anali iwowo. Wochiritsa anzake, wonyamula ndodo, anamutcha Lameki, dzina la bambo. Masabata atatu omaliza ankangofika pa mlatho wina wautali, kuzungulirazungulira, n'kuzimitsa osawoloka. Ine padi, kodinira gemu kaja, sankandigwiritsa. "Manja akowo sakhala phee. Usakhudze."

Holide itafika, amalume anakweza matumba a usipa n'kunyamuka, akuti abwera patatha masiku khumi. Asanafike n'komwe pa depoti ya ku boma, ine ndinali nditayatsa kale. Cholinga changa chinali chaching'ono: kuyamba gemu yanga pambali, kuti akadzatsegula adzapeze gulu la Bonya, Mlamba, Nkhanu ndi Dazi. Dazi chifukwa cha mutu wawo, mukuudziwa. Ndinaseka ndekha mpaka m'mimba kupweteka. Posunga, gemu inandifunsa funso lalitali m'Chingerezi. Chingerezi ndimakhoza, koma kuwerenga kumafuna kudikira. Ndinadina, ndinadinanso.

Nditayang'ana pa malo osungira, pamene panali maola makumi asanu ndi limodzi a amalume panalembedwa mphindi zinayi. Ndinasunga pamwamba pa gemu yawo. Miyezi isanu yapita. Mlatho wapita. Lameki wapita. Patsala Bonya.

Achemwali anga a Esinati anandipeza nditakhala pansi, thukuta kamukamu.

"Wadya chiyani iwe?"

Ndinawaonetsa. Anayang'ana kanthawi.

"Wafufuta dzina la bambo n'kuikapo nsomba?"

"Ndiyambiranso. Ndifika pa mlatho pomwe analekera, sadzadziwa."

"Iweyo? Woti tiyi umawotcha naye lilime tsiku lililonse?"

"Musawauze amayi."

"Sindiwauza. Ndikufuna ndidzaonere ndekha akamadzakusenda."

Kusendedwa sindinkaopa, abale, ndinazolowera. Mawu a za bambo aja ndi amene anandipweteka. Dzina la bambo, n'kuikapo nsomba.

Ndinayambiranso. Ndinalemba maina onse monga analili, la Lameki chilembo chimodzichimodzi. Kenako liwiro. Anthu a m'midzi ya m'gemu akamayankhula, ndinkawadula pakamwa. Chilombo chikabwera, menya, menya, menya. Tsiku lachinayi ndinafika kuphanga kumene kuli chinjoka. Chinandipha. Ndinayambiranso, chinandipha. Kakhumi ndi kamodzi. Kunja kunachita mitambo, batire inkatha msanga, ine kumangotulukatuluka kukayang'ana kumwamba ngati mlimi wa ku Chitala. Kudya ndinkadya choimirira.

Ndinapemphera. Ndinati, "Ambuye, amalume achedwe. Ngakhale tayala liphulike, bola asavulale." Achemwali ali pakhomo anati, "Pemphero limenelo silidutsa denga." Ndiye ndinasintha. Ndinati, "Ambuye, ndigwireni manja."

Tsiku lachisanu ndinaika padi pansi n'kukhalira manja anga, kukhaliradi ndi matako. Ndinangoonerera chinjoka chija. Ndipo ndinaona chimene sindinaone maulendo khumi ndi limodzi. Chimamenya kawiri, kachitatu chimakoka mpweya, kachinayi chimalavula moto. Chikamakoka mpweya, iwe usamenye, tchinga. Ndipo Lameki, amene ndinkamutenga ngati wopanda ntchito chifukwa ndodo yake simenya mwamphamvu, ntchito yake inali pamenepo. Moto utadutsa, atatu anali gone pansi. Nthawi yake itafika, Lameki anakweza ndodo. Kuwala kobiriwira, wa lupanga dzambatu. Ndinadikira. Anadzutsanso wina. Ndinadikiranso. Chinjoka chinagwa. Aleluya!

Pa kanemapo panalembedwa kuti Lameki wachiritsa gulu. Ndinawerenga mawu amenewo mpaka anazimiririka okha. Sindinadine.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinafika pa mlatho. Posunga ndinawerenga funso lonse, kawiri. M'mawa mwake amalume anafika, matayala onse ali bwino. Atasamba anayatsa. Achemwali anabweretsa mpando kudzakhala pakhomo.

"Yamikani."

"Wawa."

"Maola anga makumi asanu ndi limodzi asanduka bwanji makumi atatu? Nanga Lameki chipewa ichi wabwereka kwa ndani?"

Ndinaulula zonse. Bonya, Mlamba, Nkhanu. Dazi yekha sindinamutchule. Amalume anatembenuzatembenuza padi m'manja, ine miyendo ikuyabwa, koma ndinaima.

"Chinjoka cha kuphanga unachipha bwanji?"

"Ndinadikira."

"Iweyo?"

Anaseka pang'ono, kenako analeka. "Bambo ako sankadikira. Ankangodina menya, menya, tonse n'kufa. Ndinkamupatsa dala wochiritsa kuti aphunzire, koma ankamenyabe zilombo ndi kandodoko. Gemu yakale ija tinalekera pa mlatho uwu. Tinati tidzawoloka Lamlungu. Lamlungu lake anali m'chipatala." Anapukuta padi ndi malaya. "Masabata atatu ndakhala ndikuzungulira apa. Sindinkafuna kuwoloka ndekha."

Achemwali ananyamula mpando wawo mwakachetechete.

"Khala apa," anatero amalume. "Ikafika nthawi ya Lameki, padi ndi yako. Ukamenya ndi ndodoyo, ndikumenya nayo ndine."

Tinawoloka, abale ndi alongo. Tinawoloka.

Chilango chinalipo: holide yonse yotsala ndinayanika usipa pa thandala, mpaka agalu ankanditsatira pamsewu. Pano timasewera awiri, ola limodzi patsiku, padi ikuyenda uku ndi uku. Gemuyo sitinamalize, ndipo sindikufulumira. Za bambo ndamva zambiri pa ola limeneli kuposa zaka zonse zija. Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira manja, amenenso sanamvere pemphero la tayala.

Mukufunsa ngati ndasintha? Kudikira ndaphunzira. A kwaya masitala musasangalale msanga, munthu wodziwa kudikira ndiye woopsa. Sabata yatha gemu inatipatsa ngalawa yoti tiitche dzina. Ndinadikira phee mpaka foni ya amalume inalira, iwo n'kutuluka panja. Atabwera anapeza ngalawa yolembedwa Dazi. Anaiyang'ana, anasisita mutu wawo, nati, "Lameki weniweni."

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.